Biertan, Mudzi wa Mayina Atatu

Biertan, mudzi wa ku Transylvania, adayamba kutchulidwa m'zikalata mu 1283. Eni ake, Asakisoni olankhula Chijeremani komanso olima mphesa, ankautcha Birthälm, pomwe Ahangare ankati Berethalom.

Kuyambira 1572 mpaka 1867, bishopu wa Alutera ankakhala m'mudziwu, pa tchalitchi chozingidwa ndi malinga atatu. Chitseko china m'katimo chili ndi loko wa mipiringidzo 19.

Olamulira ndiwo adasinthasintha. Mu 1918 Transylvania idachoka m'manja mwa Hungary n'kulowa mu Romania. Mu 1950 achikomyunizimu adathetsa maboma akale, ndipo mu 1968 Biertan adaikidwa pansi pa boma la Sibiu. Lero amayang'aniranso midzi ya Richiș ndi Copșa Mare.

Chikomyunizimu chitagwa mu 1989, Asakisoni ambiri adasamukira ku Germany, kusiya tchalitchi chomwe UNESCO idachivomereza kukhala cholowa cha dziko lonse lapansi mu 1993.