Ntchito ya ofufuza za mafuta, magetsi ndi ubale wa mayiko

M'mayunivesite ndi m'mabungwe a kafukufuku muli akatswiri amene ntchito yawo n'kuunika momwe malo amene dziko lili, njira zodutsa mafuta, gasi ndi magetsi, komanso ubale wake ndi mayiko oyandikana nalo zimalukanirana. Funso lawo lalikulu ndi lakuti: dziko lingatani kuti mafuta asasowe pamene nkhondo yabuka, doko latsekedwa, kapena wogulitsa wakwiya?

Phunziro la ubale wa mayiko linapeza mpando wake woyamba wa pulofesa mu 1919 ku Aberystwyth, ku Wales, nkhondo yoyamba yapadziko lonse itangotha. Nkhani ya mafuta inadzakula mu 1973, pamene mayiko a Aluya analeka kugulitsa mafuta ku United States ndi mayiko ena omwe ankaikira kumbuyo Israel. M'miyezi yochepa mtengo unakwera pafupifupi kanayi. Chaka chotsatira kunabadwa International Energy Agency, yomwe likulu lake lili ku Paris, ndipo imalamula mamembala ake kusunga mafuta ofanana ndi omwe amaitanitsa kunja m'masiku 90. Mu 1982 Robert Mabro, wobadwira ku Alexandria, anakhazikitsa Oxford Institute for Energy Studies, ndipo mu 1992 buku la Daniel Yergin la mbiri ya mafuta, The Prize, linapata mphoto ya Pulitzer.

Ambiri amayamba ndi digiri ya ndale, zachuma, mbiri kapena uinjiniya, kenaka masitazi ndi PhD, yomwe imadya zaka zitatu mpaka zisanu. Akatero amayamba ndi makontirakiti a zaka zochepa, ndipo kukwezedwa kumadalira zomwe asindikiza m'magazini a akatswiri anzawo. Chovuta chenicheni sichili m'kalasi ayi. Mapangano ambiri a mafuta ndi gasi ndi achinsinsi, nduna sizilankhula zonse, ndipo ndalama zina za kafukufuku zimachokera kumaboma kapena kumakampani omwewo amene akufufuzidwa. N'chifukwa chake wowerenga wochenjera amayamba wafunsa kuti analipira lipotilo ndani. Wofufuza amene sadziwa chilankhulo cha dera lomwe akulemba amangodalira zomwe ena amumasulira.

Kulakwitsa pa nkhani zotere kumalipitsa mtundu wonse. Mu 2021 Germany inkagula kuposa theka la gasi wake ku Russia, pokhulupirira kuti malonda amamanga mtendere, ngakhale Poland ndi mayiko a ku Baltic ankachenjeza. Russia italowa mu Ukraine mu 2022, gasiyo anachepa mpaka kuleka, ndipo mitengo ya magetsi ku Ulaya inakwera koopsa.

Kuno kum'mwera kwa Africa, bungwe lakale pa ntchitoyi ndi South African Institute of International Affairs, lomwe linayamba mu 1934 ndipo lili ku Johannesburg. Malawi ali ndi nkhani zambiri zofunika kufufuzidwa. Poti alibe gombe la nyanja yamchere, mafuta ake amadzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inadula njanji za ku Beira ndi Nacala, katundu n'kumazungulira mpaka ku Durban pa mtengo wokwera. Nawo magetsi ali ndi ndale zake: Southern African Power Pool inakhazikitsidwa mu 1995, koma Malawi anakhala zaka zambiri osalumikizidwa kumawaya a mayiko anzake, zomwe zinachititsa kuti pamangidwe mzere wa makilovoti 400 wochokera ku Matambo, ku Tete, kufika ku Phombeya m'boma la Balaka.