Nyumba za Khofi mu Mzinda wa London

M'chaka cha 1652, munthu wina dzina lake Pasqua Rosee adatsegula malo ogulitsira khofi m'kanjira kotchedwa St Michael's Alley mu mzinda wa London. Iyeyu adali wantchito wa Daniel Edwards, wamalonda amene adazolowera chakumwachi ku Smyrna, m'dziko la Turkey. Angerezi ambiri adaipidwa nacho poyamba chifukwa cha kuwawa ndi kuda kwake, koma pasanapite zaka zambiri nyumba zomwera khofi zidafalikira mu mzinda wonsewo.

Chimene chinkakopa anthu sichidali khofi yekha ayi. Ndi kobiri limodzi munthu ankalandira mbale ya khofi, n'kukhala pa tebulo lalitali pamodzi ndi alendo osawadziwa, kuwerenga nyuzipepala ndi kumva zimene zachitika. Wolemera ndi mmisiri ankakhala moyandikana. Kumalo omwera mowa mkangano umathera m'zibakera, pamene kuno anthu ankatsutsana ali bwinobwino m'mutu, mpaka usiku. Nyumba iliyonse idayamba kudziwika ndi anthu ake. Kwa Edward Lloyd kunkasonkhana eni zombo ndi amalonda apanyanja, ndipo machezawo ndiwo adabala msika wa inshuwalansi wa Lloyd's. Kwa Jonathan's kunkakumana ogula ndi ogulitsa masheya.

Komabe ufuluwo udali wa amuna okha, pakuti mayi waulemu wake sankapondako pokhapokha ngati akugwira ntchito. Mu 1674 kudatuluka kabuku kolembedwa m'dzina la amayi, kodandaula kuti khofi wasandutsa amuna awo alongololo ndi ofooka m'nyumba.

Amene adada nkhawa koposa adali Mfumu Charles II. Atate ake adadulidwa mutu mu 1649, motero iye ankadziwa bwino kumene manong'onong'o a anthu amathera. Pa 29 Disembala 1675 adalengeza kuti nyumba zonse za khofi zitsekedwe, ponena kuti m'menemo anthu ankataya nthawi ndi kufalitsa mabodza onyoza boma. Pa mfundo ya kutaya nthawi, mfumuyo siidaname kwenikweni. Koma eni nyumbazo, amene adali atagula kale katundu wambiri, adachonderera kolimba, ndipo pa 8 Januwale 1676, lamulolo lisanayambe n'kugwira ntchito komwe, mfumu idabweza mawu ake. Eni nyumba adangolumbiritsidwa kuti adzakhala okhulupirika kwa mfumu ndiponso kuti sadzalola zolemba zonyoza boma kuwerengedwa m'nyumba zawo. Machezawo adapitirira monga kale.

Chimene mfumu idalephera adachichita ndi tiyi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 mtengo wake udatsika, ndipo mabanja adayamba kumwera kunyumba, popeza kuphika kwake kudali kosavuta. Anthu olemera nawonso adapatuka n'kuyambitsa makalabu awo, momwe munkalowa mamembala okhaokha.