Dzina la Mariya wa ku Magadala linasanduka bwanji chitonzo?

Mngelezi akanena kuti munthu ali maudlin, sakumuyamikira. Akunena uja wakhuta mowa ndiye wayamba kugwetsa misozi, kukumbatira aliyense pamalo omwera, uku akudandaula za chibwenzi chimene chinatha kalekale. Amateronso ponyoza filimu kapena nyimbo yongofuna kuliza anthu, ya chisoni chochita kukokomeza. Ambiri mwa oyankhulawo sadziwa kuti akutchula dzina la Mariya wa ku Magadala.

Dzinali linafika ku England kudzera m'Chifalansa chakale, ndipo pakamwa pa Angelezi linafupika n'kukhala Maudelen. Katchulidweko sikanathe: koleji ya Magdalen ku Oxford, imene William Waynflete anaikhazikitsa mu 1458, mpaka lero imatchulidwa ngati mawu aja akuti maudlin.

Nanga misozi inalowamo bwanji? Mu 591, Papa Gregory Woyamba analalikira ku Rome kuti mayi wochimwa wa pa Luka 7, amene ananyowetsa mapazi a Yesu ndi misozi n'kuwapukuta ndi tsitsi lake, ndiye Mariya wa ku Magadala. Chonsecho Luka sanamutchule dzina mayiyo. Za Mariya amanena m'mutu 8, kuti mwa iye munatuluka ziwanda 7 ndipo anali mmodzi mwa amayi otumikira Yesu ndi chuma chawo. Koma ulaliki wa papa unamera mizu. Akatswiri ojambula a ku Ulaya anamusandutsa Mariya kukhala wolapa wosatonthola. Pa chithunzi chimene anajambula mmodzi mwa iwo, Titian, maso a Mariya ali kumwamba, misozi ili lengelenge, tsitsi lamasuka, nsupa ya mafuta ili pambali. Pofika zaka za m'ma 1600, Angelezi anali atayamba kutchula zidakwa zolira ndi dzina lake.

Apa mpamene mtima wanga umawawa. Kulira kwa Mariya kumene Baibulo limatchula ndi kwa pa Yohane 20, ataima kumanda, mtembo wa Mphunzitsi wake osaupeza. Imeneyi ndi misozi ya namfedwa. Aliyense amene anagonapo m'siwa sangaiyerekeze ndi ya kumowa.

Mpingo wa Katolika unakonza kalendala yake mu 1969 n'kusiyanitsa Mariya ndi mayi wochimwa uja, ndipo mu 2016 Papa Francis anakweza tsiku lake, 22 Julaye, kukhala chikondwerero chofanana ndi cha atumwi, poti ndiye anayamba kuona Yesu atauka. M'madikishonale a Chingelezi tanthauzo lonyoza lija likadalimo.