Njinga Yamoto: Mmene Inafikira Kwathu ndi Mmene Imazizirira

Masiku ano pa Fíngoè njinga yamoto si cinthu cacilendo. Timaiona pa msika, pa cigayo ndi pa cipatala. Imanyamula matumba a cimanga, mabelo a fodya, mbuzi ndi anthu omwe. Mai wapakati nthawi yake ikakwana usiku, abale amathamangira kwa mwini njinga. Ena amaicha mota, monga m'Cipwitikizi. Ena amene anakhalako ku Zambia amangoti honda. Koma dzina lakuti njinga yamoto ndilo limanena zoona, pakuti m'kati mwake muli moto weniweni.

Tiyeni tione mmene moto umenewu umagwirira nchito. Petulo amalowa mu injini atasakanizika ndi mpweya. Pulagi imathetheka, ndipo petuloyo amayaka. Moto umakankha pisitoni, ndipo mphamvu yake imafika ku gudumu lakumbuyo podzera mu cheni. Koma mphamvu imene imafika ku gudumu ndi yocepa. Yambiri imangosanduka kutentha. Kutenthako kukapanda kucoka, pisitoni imatupa ndi kugwira m'silinda. Pamenepo injini yafa, ulendo wathera pa chire. Conco aliyense amene anapangapo njinga yamoto anayenera kuyankha funso ili: kodi injini iyi izizira bwanji?

Njinga yoyamba yoyendera petulo inapangidwa ku Germany m'caka ca 1885. Ndi caka comweco cimene maiko a ku Ulaya anamaliza msonkhano wao wa ku Berlin, wokambirana za kugawana Afirika. Anaipanga ndi Gottlieb Daimler ndi Wilhelm Maybach. Inali ya matabwa, ndipo injini inali pansi pa mpando. Mbiri imanena kuti pa ulendo woyamba mpandowo unagwira moto.

Mu 1894 fakitale ya Hildebrand & Wolfmüller ku Munich inayamba kupanga njinga zogulitsa. Iwo anaziziritsa injini ndi madzi, ndipo madziwo anali kukhala m'madigadi yakumbuyo. Koma madzi ndi olemera. Amafuna mipope, ndipo mipope imadontha. Opanga njinga ambiri anasankha njira ina, ya mphepo.

Njira imeneyi amai onse amaidziwa. Phala la mwana likatentha, timalitsanulira m'mbale yotakata ndi kuliuzira. Tayang'anani injini ya njinga. Pa silinda ndi pa mutu wake pali timizere ta citsulo tooneka ngati nthiti. Nthiti zimenezi ndizo mbale yotakata. Kutentha kumacoka m'kati ndi kufalikira pa nthitizo. Mphepo imene imaomba njinga ikamayenda ndiko kuuzira kuja. Njinga ikaima, injini ili cilirire, palibe wouzira phala.

Kuno kwathu ku Marávia makina amenewa anacedwa kufika m'manja mwa anthu wamba. Makolo athu anayenda pansi kupita ku cibalo ndi kukafuna nchito ku Rhodesia. Ena anasenza atsamunda pa macila. Amene anabwera ndi njinga yakapalasa pocokera ku nchito anali munthu wochuka m'mudzi. Njinga yamoto inali ya anthu owerengeka cabe. Mu 1968 Frelimo inatsegula nkhondo yomenyera ufulu m'cigawo ca Tete, ndipo misewu yathu inasanduka ya asilikali mpaka nkhondoyo itatha mu 1974. Ufulu tinalandira pa 25 Juni 1975.

Mu 1979 boma la Mozambique linapangana ndi East Germany kuti acinyamata athu azikagwira nchito m'mafakitale a kumeneko. Anapita pafupifupi 20,000. Dziko limenelo litatha mu 1990, ambiri anabwerera kwao ndi katundu: mawailesi, mafiriji ndi njinga zamoto za MZ, zopangidwa m'tauni ya Zschopau. MZ inali kudziwika ndi utsi wake wobiriwira ndi kulira kwake kwa ting'i-ting'i. Nayo inali kuzizira ndi mphepo, koma oilo wodzoza pisitoni anali kuthiridwa mu thanki pamodzi ndi petulo. Pa MZ za mtundu wa ETZ muyeso unali 1 kwa 50. Ndiko kuti pa malita 5 a petulo pafunika mamililita 100 a oilo. Munthu akaiwala oilo, kapena akacepetsa kuti asunge ndalama, injini inali kugwira tsiku lomwelo. Panali msampha winanso. Potsika phiri lalitali giya ili m'kati, dzanja litatseka petulo, injini imazungulira msanga koma oilo salowa mokwanira, popeza oiloyo amabwera ndi petulo. Amene akali ndi njinga yakale yothira oilo mu thanki akumbukire zimenezi.

Nthawi imeneyo kuno kunali nkhondo ina, imene inatenga zaka 16. Anthu ambiri a ku Tete anathawira ku Malawi ndi ku Zambia, ena ku msasa wa Ukwimi m'boma la Petauke. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Anthu anabwerera, analima, misika inatseguka. M'zaka za m'ma 2000 njinga zochipa za ku China ndi ku India zinayamba kuculuka m'maiko athu ano, monga Lifan ya ku Chongqing ndi Boxer ya kampani ya Bajaj. Mlimi amene wagulitsa bwino fodya kapena cimanga anatha tsopano kugula yakeyake.

Injini zambiri za ku China zimene timaona zinatengera injini imodzi ya ku Japan, ndipo mbiri yake ndi yoyenera kuidziwa. Mu 1974 kampani ya Honda inatuma anthu ake kukaona mmene njinga zimagwiritsidwira nchito ku Thailand, Indonesia, Philippines ndi maiko ena. Anapeza njinga imodzi itanyamula banja lonse. Anapeza oilo wakuda, wolimba ngati phula, wosasinthidwa. Anapeza sefa ya mpweya itatsekeka ndi fumbi. Eni ake anali kupita kwa makaniko pokhapokha njinga itafa. Tikamva zimenezi tingaganize kuti anafika pa Fíngoè. Atabwerera anapanga CG125, imene inatuluka mu 1975. Injini yake ndi yosavuta kumasula ndi yopirira. M'malo mwa sefa ya pepala anaika ya siponji, yoti munthu acape ndi kubwezeranso. Kuyambira 1976 inapangidwanso ku Manaus, m'dziko la Brazil.

Koma kupirira kuli ndi malire. Ng'ombe yamphamvu nayo imagwa m'goli ikapanda kumwa. Injini ya mtundu umenewu imasunga oilo pafupifupi lita imodzi cabe. Oilo ameneyu ali ndi nchito ziwiri: amadzoza zitsulo kuti zisadyane, ndiponso amanyamula kutentha kucokera m'kati kumene mphepo siifika. Ngati theka latha, lotsalalo limatentha msanga ndi kusungunuka ngati madzi. Tiziyeza oilo m'mawa uliwonse ndi kandodo kamene kali pa cotsekera, njinga itaima cilili pa malo osalala. Buku la njinga limanena makilomita oyenera kusinthira oilo, koma pa misewu ya fumbi tisadikire kufika pamenepo. Posintha tizitsukanso kasefa kawaya kamene kali pansi pa injini. Oilo wogulitsidwa m'botolo lopanda dzina, amene sitidziwa kumene wacokera, angakhale wakale wocotsedwa m'galimoto. Kuchipa kwake sikufanana ndi mtengo wa pisitoni yatsopano, ndi masiku odikira kuti ibwere kucokera ku Tete kapena ku Zambia.

Msewu wocokera pa Bene kupita ku Zumbo umadutsa pa Fíngoè, ndipo tinjira tambiri timalowa m'midzi. M'cilimwe muli fumbi, m'dzinja muli matope. Matope akauma pakati pa nthiti za injini amakhala ngati bulangete. Mphepo imaomba, koma siifika pa citsulo. Fumbi losakanizika ndi oilo wodontha limacitanso cimodzimodzi. Tizicotsa ndi kamtengo ndi burashi, ndi kutsuka injini itazizira. Enafe timamangirira zigubu kapena thumba kutsogolo kwa injini. Katundu ameneyo amachinga mphepo. Malo ake ndi kumbuyo.

Pali ena amene amacotsa sefa ya mpweya, amati njinga ipume bwino. Kumeneko ndi kulakwitsa kawiri. Fumbi limalowa ndi kupala silinda ngati mcenga. Ndiponso mpweya umacuruka kuposa petulo, ndipo moto wotere umatentha kopambana. Cimodzimodzi amene amafinya kabureta kuti petulo asathe msanga: amasunga kapu ya petulo koma amaocha injini. Sefa ya siponji ticape ndi parafini, iume, tiidzoze oilo pang'ono ndi kufinya. Pulagi ndiyo mboni ya zimene zikucitika m'kati. Timasule injini itazizira, tione ku nsonga kwake. Ikakhala yofiirira ngati dothi louma, zonse zili bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye, petulo wacuruka kapena sefa yatsekeka. Ikayera mbee, injini ikutentha, ndipo tipite kwa makaniko tisanayambe ulendo wautali.

Kwa makaniko komweko tipemphe kuti ayeze mavavu. Mavavu amafuna kampata kakang'ono, cifukwa citsulo cimatupa cikatentha. Kampatako kakatha, vavu siitseka bwino ndipo imapsa. Amayeza injini ili yozizira. Injini yakale imene imalira tiki-tiki pang'ono kawirikawiri ili bwino kuposa imene yathinitsidwa kuti ikhale cete.

Kayendetsedwe nakonso kali ndi mbali yake. Pa Fíngoè tili pamtunda, ndipo kumazizirako. Koma amene amatsikira ku nyanja ya Cahora Bassa kukagula nsomba amadziwa kutentha kwa ku cigwa mu Okutobala ndi Novembala. Pobwerera njinga yalemedwa, msewu ndi wokwera, liwiro ndi locepa. Apa injini imagwira nchito yaikulu pamene mphepo ili yocepa. Tisaikakamize ndi giya yaikulu. Titsike ku giya yaing'ono kuti izungulire momasuka. Ngati n'kotheka tinyamuke m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Poima kuceza ndi mnzathu pa njira, tizimitse injini.

Njinga zina zatsopano zazikulu zabwerera ku madzi, zili ndi rediyeta ngati galimoto. Zimathamanga, koma mwala umodzi ukaboola rediyeta pa chire, palibe cocita. Kwa ife a kumidzi injini ya nthiti ikali yoyenera, pakuti makaniko wa pansi pa mtengo amatha kuimasula ndi masipanala ocepa.

Injini ikatentha kwambiri imacenjeza. Mphamvu imacepa, pamamveka fungo la oilo wopsa, ndipo m'kati mumalira ngati timiyala m'citini. Tikamva zimenezi tiime pa mthunzi ndi kuzimitsa. Tisathire madzi ozizira, ngakhale mtsinje uli pafupi. Mbiya yotentha ikathiridwa madzi imang'aluka, ndipo mutu wa injini ungang'aluke kapena kupindika momwemo. Tidikire mpaka dzanja lithe kukhudza nthiti zija. Kenaka tiyeze oilo, ticotse matope, ndipo ngati katundu wacuruka, wina atsike ayende pansi mpaka pamwamba pa phiri.