Amayi Amene Anakana Kukhala Chete

Pokondwerera zaka za gulu lathu, ife amayi a ku Area 15 tiyenera kukumbukira mmene nkhanza za m'banja zinayambira kutchulidwa poyera m'dziko muno. Ambiri a ife tinalangizidwa pa ukwati kuti banja ndi kupirira, ndi kuti za m'nyumba saulula. Mayi wotupa diso ankanena kuti wagunda chitseko, anzake nangoti pepani. Zinthu zinayamba kusintha pamene ena anaimirira nanena zimene zinawachitikira.

Mu 1995 Mayi Isabel Apawo Phiri, mphunzitsi pa Chancellor College ku Zomba, pamodzi ndi aphunzitsi anzawo atatu, anafalitsa zimene ophunzira aakazi anawauza za kugwiriridwa ndi kuvutitsidwa. Ophunzira ena anakwiya nagenda nyumba yawo. Koma mawu a atsikanawo anali atamveka kale, ndipo mayiŵa anadzakhala mmodzi wa atsogoleri a World Council of Churches ku Geneva. Mu 2006 dziko lathu linalandira lamulo loletsa nkhanza za m'banja, lopatsa makhoti mphamvu yoteteza wozunzidwa m'nyumba mwake momwe.

Kenaka kunabwera mtsikana, Memory Banda. Iye sanayambe ndi ziŵerengero. Anafotokozera mafumu ndi aphungu za mng'ono wake amene anatenga pakati ali ndi zaka 11 atachoka ku chinamwali, ndipo mu 2015 anakakamba nkhani yomweyo pa msonkhano ku America. M'chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo, imene ili pafupi nafe ku City Centre, inavomereza lamulo la maukwati loika zaka 18 ngati msinkhu wokwatiŵira. Mu February 2017 aphungu anakonzanso malamulo aakulu a dziko kuti makolo asamathe kuloleza ukwati wa mwana.

Chitsanzo choŵaŵa koposa chili m'boma lathu lomwe lino. Mu October 2019 amayi ndi atsikana a ku Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika ananena kuti apolisi ena anawagwirira. Kuulula chinthu chotere pamudzi si chapafupi, pakuti mwamuna ndi apongozi akumva. Komabe amayi 18 anapereka umboni mothandizidwa ndi bungwe la maloya aakazi, ndipo mu August 2020 khoti lalikulu la ku Lilongwe linalamula kuti alipidwe chipukuta misozi.

Tiphunzirapo chiyani, amayi anzathu? Loyamba, lamulo lililonse mwa malamuloŵa linatsatira mawu a munthu amene analimba mtima. Lachiŵiri, palibe amene analankhula ali yekha; kumbuyo kwake kunali anzake, pakuti mutu umodzi susenza denga. Lachitatu, wonena zake mosabisa ndiye amene anzake amamkhulupirira kuti awatsogolere.

Tisadzinamize kuti nkhanza zili kumidzi kokha. Mipanda yathu ya njerwa imabisa zambiri, ndipo mtsikana wantchito wogona kuseri kwa nyumba kaŵirikaŵiri alibe womuuza. Choncho mayi akatsegula pakamwa pa msonkhano wathu, timvetsere mpaka amalize. Tisamfunse kuti iye analakwanji. Nkhani yake ndi yake: tisaitulutse popanda iye kulola, ndipo tisakakamize amene nthaŵi yake sinakwane. Akafuna thandizo, timperekeze ku Victim Support Unit ya apolisi kapena ku chipatala, aŵiriaŵiri, monga timachitira pokazonda odwala.