Wokhudzidwa ndani, wonyonga ndani?

Pali mawu amene afala m'makalata a mabungwe, m'misonkhano ya m'mahotela ndi pawailesi: "okhudzidwa". Mtsikana akagwiriridwa, akuti ndi wokhudzidwa. Mayi akamenyedwa mpaka kugonekedwa m'chipatala, wokhudzidwa. Pamene kupha anthu achialubino kudanyanya, kuyambira chakumapeto kwa 2014, tidamvanso za "mabanja okhudzidwa ndi mchitidwewu". Ophunzira zamalamulo amene amayesa kulemba m'Chichewa nawo atengera mawuwa. Ukawafunsa ngati wakupha uja sadakhudzidwe ndi nkhaniyo, amayamba aseka, kenako n'kuona kuti funsolo si nthabwala. Wakupha ndi wokhudzidwa, wapolisi wofufuza ndi wokhudzidwa, ngakhale nyakwawa imene idalengeza maliro ndi yokhudzidwa. Mawu okwana aliyense chonchi sangatiuze kuti wapwetekedwa ndani.

Chonsecho Chichewa chili nawo kale mawu oyenera, ndipo pabwalo la mfumu amamveka tsiku ndi tsiku: pali wolakwa, pali wolakwiridwa. Mverani mmene mneniyu wamangidwira. Kulakwa, kulakwira wina, kulakwiridwa. Munthu sangalakwiridwe popanda wina womulakwira, choncho ukangotchula wolakwiridwa, khutu limayamba kufunafuna wachiwiriyo. "Wozunzidwa" ndi "wochitiridwa nkhanza" ndi mawu abwinonso, koma ndi opapatiza. Amene amubera mbuzi sadazunzidwe. "Wodandaula" ndi mawu a kukhoti, ndipo pamlandu wakupha sagwira ntchito, pakuti womwalira sadandaula. Amene amazenga mlanduwo ndi boma.

Kusankha kumeneku kumaoneka phindu lake tikafika pa khalidwe loipa lija limene limabuka nthawi iliyonse munthu akabedwa ndi kuphedwa. Mtembo usanaikidwe n'komwe, mafunso ayamba kale m'minibasi ndi pa Facebook. Amakatani kumeneko? Adatsatiranji anthu? Makolo ake adali kuti? Wina amamaliza ndi chiweruzo chachidule: wazifuna yekha. Omasulira ena akuvutika kupeka dzina la khalidweli, ndipo ndamvapo "kuloza chala okhudzidwa", mawu amene sakhumudwitsa aliyense, chifukwa wokhudzidwa akhoza kukhaladi woyenera kulozedwa chala. Tanenani kuti "kuimba mlandu wolakwiridwa". Ngakhale agogo amene sadapondepo m'kalasi amva kuti chiganizocho chikudzitsutsa chokha, ndipo aona kuti khalidwelo ndi lopotoka musanawafotokozere.

Mlandu wa MacDonald Masambuka ndiwo uyenera kutseka pakamwa aliyense wokonda mafunso aja. Mnyamatayu, wa zaka 22, wa ku Machinga, adachotsedwa pakhomo mu Marichi 2018 ndipo mtembo wake udapezeka patapita masabata angapo, ziwalo zina palibe. Alubino takhala tikuwalangiza kuti asayende okha, aziyenda ndi achibale, akaona zachilendo athamangire kupolisi. Koma mu 2022, pamene Jaji Dorothy NyaKaunda Kamanga adapeza anthu 12 olakwa pa milandu yosiyanasiyana yokhudza imfayi, pamndandandawo padali mchimwene wake weniweni wa malemuyo, wapolisi, wachipatala ndi wansembe wa Katolika, Thomas Muhosha. Khoti lidamva kuti adamunyengerera pomuuza kuti amupezera mkazi woti akwatire. Tsono adalakwa pati? Pokhulupirira mbale wake? Whitney Chilumpha, mwana amene adali asanakwanitse zaka 2, adamuba ku Kasungu mu Epulo 2016 atagona ndi mayi ake. Yasin Phiri adamuphera m'nyumba mwake ku Nkhata Bay usiku wa pa 31 Disembala 2018, mwana wake akuona. Palibe mmodzi wa awa amene "adali kuyenda usiku".

Mawu ena ondisowetsa mtendere ndi "kusowa". Tsiku loyamba, pamene palibe akudziwa chimene chachitika, kunena kuti munthu wasowa n'zoona. Koma atolankhani athu amakakamira mneniyu ngakhale apolisi atagwira kale anthu, ngakhale khoti litagamula: "mnyamata amene adasowa mu 2018". Kwa munthu wina aliyense uku kukadangokhala kulemba kwaulesi. Kwa alubino ndi koopsa, chifukwa m'midzi yathu mudakali bodza lakale loti alubino samwalira, amangosowa. Bodza limeneli labisa manda ambiri. Mtolankhani akalemba "adasowa" pamene akudziwa kuti munthuyo adabedwa, akuthirira bodzalo osadziwa.

Ena amakana mawu oti "kuba munthu" ati chifukwa munthu si katundu. Ndikumva nkhawa yawo, koma sindigwirizana nayo. Obawo amamuonadi munthuyo ngati katundu, wokhala ndi mtengo wake, ndipo anyamata opanda khalidwe amakuwiza alubino pamsewu kuti "ndalama". Mneni woti kuba akunena zoona za mtima wa wochitayo. Pamene sitikudziwa ngati munthuyo adatengedwa mwa mphamvu kapena monyengerera, tili ndi "kusowetsa", amene kachidutswa kake kamodzi, "-ets-", kakubwezeretsa mwini ntchito m'chiganizo. Ndipo tisaiwale kuti boma nalo lidabapo anthu: Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera adagwidwa mu Disembala 1981, iwo nanenetsa kuti adawatenga m'dziko la Zambia, ndipo mu 1983 bwalo la mafumu lidawagamula kuti aphedwe. Chilangocho chidasinthidwa kukhala cha moyo wonse m'ndende, ndipo Orton adafera ku ndende ya Zomba mu 1992.

Izi zikutifikitsa pa mkangano waukulu. Anthu a m'maofesi amati "chilango cha imfa". Munthu wamba amati kunyonga. Akakwiya amati, anyongedwe basi. Mawu oyambawo ndi omasulira liwu ndi liwu kuchokera ku Chingerezi, ndipo ndi aulemu mopitirira: imfa imabwera yokha, monga ya malungo, popanda dzanja la munthu. Kunyonga kuli ndi chingwe, kuli ndi khosi, kuli ndi munthu wolipidwa ndi msonkho wathu kuti achite zimenezo, kuli ndi Pulezidenti amene ayenera kusaina. M'Malawi njira yake ndi yomweyo ya chingwe, choncho mawu a m'mudziwo ndiwo olondola kuposa a mu ofesi. Chodabwitsa n'chakuti amene amakonda kunena "chilango cha imfa" nthawi zambiri ndi omwe akufuna chithetsedwe, pamene ofuna chipitirire sachita manyazi kutchula chingwe. Otsutsawo adataya okha mawu amene akadawathandiza.

Kusokonekera kwenikweni kuli pa kusiyanitsa zinthu zitatu zimene Chichewa cha pawailesi chimazimata pamodzi: kuleka kunyonga, kuleka kukakamiza woweruza kuti agamule kunyonga, ndi kuthetseratu chilangocho m'malamulo. Choyamba chidachitika kalekale. Munthu womaliza adanyongedwa mu 1992, ndipo kuyambira pa Bakili Muluzi palibe Pulezidenti amene wasainapo. Chachiwiri chidabwera mu 2007 pamlandu wa Kafantayeni, pamene khoti lidati n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko kuti aliyense wopezeka wolakwa pakupha azingolandira chilango chimodzi, woweruza osamva mmene zidakhalira. Kutsatira chigamulochi akaidi oposa 150 adamvedwanso, ambiri n'kutuluka. Chachitatu sichidachitike. Mu Epulo 2021, pamlandu wa Khoviwa, bwalo lalikulu la apilo lidamveka ngati lathetsa chilangochi, nkhani n'kufalikira dziko lonse lapansi. Mu Ogasiti chaka chomwecho majaji ena a bwalolo adafotokoza kuti limenelo silidali gamulo la onse, ndipo lamulo lidakhala momwe lidalili. Gawo 16 la malamulo aakulu, limene limateteza moyo, likuvomerezabe kunyonga ngati khoti loyenera lagamula. Pankhani zitatu zonsezi, munthu wa kumudzi ku Machinga kapena ku Nkhata Bay adamva mawu amodzi okha: "athetsa". Akamvanso kuti khoti lagamula wina kuti anyongedwe, monga zidachitikira mu 2019 pa milandu ya kupha alubino ku Thyolo ndi ku Mchinji, amaganiza kuti wina akumunamiza. Akaona kuti ogamulidwawo sakunyongedwa, amatsimikiza kuti pali katangale. M'maganizo otere ndi mmene mumamera chilungamo cha m'manja, chothira petulo munthu wongomuganizira.

Ine sindifuna kuti boma linyonge munthu, ndipo chifukwa changa chikuchokera m'milandu yomweyi. Amene amagwidwa ndi ogwira mpeni. Ogula mafupawo sitidawaonebe m'khoti. Buleya Lule, amene ankaganiziridwa pa kubedwa kwa mnyamata wa zaka 14 ku Dedza mu Febuluwale 2019, adafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe, ndipo bungwe la boma loona za ufulu wachibadwidwe lidapeza kuti adazunzidwa. Zonse zimene ankadziwa adapita nazo kumanda. Dziko limene apolisi ake amafunsa mafunso motere lisapatsidwe chingwe. Koma sindinyoza alubino amene akufuna kunyonga kubwerere. Munthu amene amagona ndi kachipangizo kolira kochenjeza pansi pa pilo, monga kaja boma lidagawa mu 2019, ali ndi ufulu wokwiya kuposa ine. Pamlandu wa Masambuka khoti lidapereka moyo wonse m'ndende kwa asanu ndi zaka 30 kwa wansembe uja, ndipo mpaka lero anthu sagwirizana ngati zidakwanira. Mozambique idathetsa chilangochi mu 1990, Zambia mu 2022, Zimbabwe kumapeto kwa 2024. Ife tikadali pakati, osanyonga, osathetsa.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mkangano wonsewu ukuchitikira m'chilankhulo chimene eni nkhani ambiri sachimva. Malamulo athu adalembedwa m'Chingerezi. Zigamulo zimalembedwa m'Chingerezi. Munthu sangakhale phungu ngati satha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Gawo 42 limapatsa woimbidwa mlandu ufulu womva mlandu wake m'chilankhulo chimene amachidziwa, koma ufulu wonsewo watsamira pa womasulira mmodzi wa m'khoti, amene ayenera kupeka mawu pomwepo, ataimirira. Uyu akati "kupha mwangozi", wa khoti lina akuti "kupha mosafuna", pamene mlandu umene akumasulirawo umaphatikizanso munthu amene adamenya mnzake dala atapsa mtima, koma osalinga kupha. Kusiyana kwa mawu awiriwa kukhoza kupangitsa munthu kuvomera mlandu umene sadaumvetse.

Chichewa chidalengezedwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968. Bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo mu 1996 ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies ku Zomba, amene adatipatsa mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Luso lilipo. Chosowa ndi lamulo lokakamiza kuti makhoti, apolisi ndi nyumba zoulutsa mawu agwirizane pa mawu a milandu ikuluikulu, komanso kuti chidule cha chigamulo chilichonse cha mlandu wakupha chizilembedwa m'chilankhulo cha banja la wolakwiridwa. Sindine wodana ndi mawu obwereka. Khoti, loya, jaji, apilo, belo, onsewa adakhazikika ndipo asiyeni. Ngakhale "alubino" tidabwereka, ndipo tidachita bwino, chifukwa athu aja, napweri ndi mzungudala, adadzaza chipongwe. Lamulo langa ndi lakuti tibwereke dzina la chinthu chimene tidalibe, koma mneni wonena amene wachitira mnzake choipa tisabwereke kapena kumufewetsa, pakuti aneni athu amagwira ntchitoyo bwino kuposa omasuliridwawo. Ndipo ntchitoyi isathere pa Chichewa chokha. Ku Machinga, kwawo kwa Masambuka, ambiri amalankhula Chiyao. Ku Nkhata Bay ndi Chitonga. Ngati Nyumba ya Malamulo idzafunsadi anthu maganizo awo pa za kunyonga, funsolo lidzafunika kulembedwa m'zilankhulo zimenezi, ndipo chingwe chitchulidwemo.