Injini Zimene Zinkadya Nkhuni

Anzanga ena pa koleji pano akayamba kukamba za injini amathamangira ku Amereka. Amakonda nkhani ya anyamata a ku California amene m'zaka za m'ma 1940 ankatenga injini ya Ford V8, ija inatuluka mu 1932, kukulitsa masilinda ake, kuonjezera makabuleta, n'kumapikisana pa msewu wowongoka wa mamita 402 okha. Bwalo la Santa Ana linatsegulidwa mu 1950, bungwe la NHRA linabadwa mu 1951, ndipo chaka chomwecho Chrysler inatulutsa injini ya Hemi imene inadzagonjetsa ya Ford ija. Nkhaniyi ndi yokoma, sindikana. Koma injini yotere mphamvu zake zimathera m'masekondi owerengeka, ndipo zamasiku ano amazimasula zikangothamanga kamodzi. Ine wa ku Mangochi ndikufuna tikambeko za injini zina, zaulesi poyenda koma zokhalitsa, zimene zinafika kwathu galimoto isanaoneke.

Yoyamba inali ya sitima ya Ilala. Amishoni a ku Scotland, motsogozedwa ndi E.D. Young pamodzi ndi Dr Robert Laws, anafika nayo pa mathithi a Shire n'kupeza kuti sitima siuluka. Anaimasula, mazana a atengatenga n'kuisenza pamutu kulambalala mathithiwo. Inadutsa kwa Mponda n'kulowa m'nyanja pa 12 October 1875.

Injini ya nthunzi siyovuta kuimvetsa. Munthu amasonkha moto pansi pa boyila, ndiye kuti chimphika chachitsulo chotsekedwa. Madzi akawira nthunzi imakankha pisitoni, pisitoniyo n'kutembenuza chitsulo chimene chimazunguza chopalasira kumbuyo kwa sitima. Vuto linali chakudya chake. Pa nyanja yathu injinizi zinkadya nkhuni, motero sitima inkaima m'madooko kukweza milu ya nkhuni zimene anthu a m'mbali mwa nyanja anali atatema. Liwiro la sitima linkachokera m'nkhwangwa.

Imene imandisowetsa tulo ndi Chauncy Maples. Inapangidwa ku Glasgow ndi kampani ya Alley & McLellan mu 1899, ya amishoni a UMCA, ndipo inatchedwa dzina la bishopu amene anamira m'nyanja yomweyi mu 1895. Inabwera m'zidutswa 3,481 kudzera ku Chinde, pa matsiriro a Zambezi. Zidutswa zinazo zinkatheka kusenza, koma boyila sinkatheka kuigawa. Inkalemera matani 11. Anaiika pa ngolo ya mawilo achitsulo, ndipo amuna 450 Achingoni anaikoka mtunda wa mailosi 64, pa tsiku mailosi atatu. Werengani nokha: masabata atatu a chingwe paphewa, m'zitunda ndi m'makwawa. Mabuku amasunga dzina la kampani, la bishopu, ngakhale kulemera kwa chitsulo, koma amuna aja anangotsala nambala. Kwa ine injini yoyamba ya sitimayi inali iwowo.

Pali kena koseketsa. Ku Glasgow chidutswa chilichonse anachilemba nambala kuti kulumikiza kusadzavute, kenaka n'kuzikuta zonse ndi zinki yoteteza ku dzimbiri, manambala aja n'kufufutika. Amisiri kwa Mponda anachita kuyeserera chidutswa ndi chidutswa, ndipo sitimayo inalowa m'madzi mu June 1901. Inakhala tchalitchi, sukulu ndi chipatala choyandama, ndipo kukonzedwa kwake kunapatsa Malindi mbiri ya umisiri wa zitsulo.

Boma la atsamunda nalo linali ndi yake, Guendolen, imene inalumikizidwa ku Fort Johnston, dzina lakale la boma la Mangochi. Mu August 1914 Captain Rhoades anapita nayo ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kuombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda kukonzedwa. Ena amati imeneyi ndi nkhondo yoyamba ya pamadzi imene Britain inapambana pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse. Kuombera sitima yosayenda ine sindikutcha nkhondo, koma mzinga wake ulipo pafupi ndi nsanja ya wotchi pa Mangochi.

Dizilo ndiye anathetsa ufumu wa nkhuni. Injini yake sifuna boyila: pisitoni imapanikiza mpweya mpaka kutentha, mafuta akapoperedwamo amayaka okha. Ilala yachiwiri, yopangidwa ndi Yarrow ku Scotland n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, inayamba kuyenda mu 1951 ndi injini za dizilo. Chauncy Maples inagulidwa ndi boma mu 1953, koma inapitiriza kufuka utsi wa nkhuni mpaka 1967, pamene anachotsa injini ya nthunzi ija n'kuikamo ya dizilo ya Crossley.